Maola Awiri

Nthawi yoona odwala ikakwana pa Kwinzi
anthu amathithikana pageti,
mabakuli m'manja, mafulasiki m'khwapa.
Ine ndimaimika tolole pakhoma
n'kubwerera kuchigwa chija.

Anatipatsa maola awiri basi.
Akuluakulu anamvana pa wailesi,
wina anakweza malaya oyera pansungwi,
mfuti n'kungoti zii
ngati agalu amene amva kutsokomola kwa mbuyawo.
Bata lake linkapweteka m'makutu.
Tinayamba kumva ntchentche.

Machira safuna munthu mmodzi.
Wisikesi Namaona wa ku Chirimba,
amene ankagwira kutsogolo ine kumbuyo,
ndi yemwe ndinam'peza chafufumimba m'matope,
akupuma mobanika,
mwendo utangotsala pakhungu.
Ndinacheuka uku ndi uku:
aliyense ali ndi mtolo wake.

Mpamene m'tchire munatuluka mnyamata wa tsidya linalo,
nsapato imodzi yomanga ndi waya,
ndevu zisanamere n'komwe.
Sananene kanthu.
Akananena, sindikanamva chinenero chake.
Anawerama, nagwira kutsogolo.

Tinayenda.
Iye akaterereka ine ndinkadikira,
ine ndikapunthwa iye ankaima,
Wisikesi pakati pathu akuitana mayi ake.
Pamalire tinatula.
Anathyola ndudu pakati, theka n'kundipatsa.

Kenako tinabwerera kukatenga wake.
Ameneyo anali atazizira kale,
wopepuka ngati mtolo wa mapesi.
Mnyamata uja anam'tseka maso ndi chala,
ine ndinam'funditsa bulangete langa,
la boma lathu, nambala yanga ili pakona.

Wezulo inalira.
Tinathamanga, aliyense kwawo.
Usiku womwewo ndinaombera
cha kumene iye analowera.
Ndisaname, ndinaombera.

Wisikesi alipo.
Amasoka nsapato pakhonde la sitolo ku Limbe,
ziwiriziwiri, iye wa phazi limodzi.
Ndikadutsa amauza makasitomala ake:
uyu ndiye anandichotsa m'kamwa mwa imfa.
Ndimagwedeza mutu.
Ndinanyamula mbali ya kumiyendo yokha.

Mlonda wayamba kukuwa kuti nthawi yatha.
Amayi akumanga mabakuli m'zitenje,
wina akupsompsona chipumi chotentha,
mvula ikuchokera ku Soche.
Ndikukankha tolole kulowera kumotchale,
gudumu limodzi likulira.
M'khola lalitalili ndimachepetsabe liwiro pokhota,
kudikira wa kutsogolo.