Gulugufe wa Pakhosi

Januwale wa ku Keighley amaluma makutu.
Anthu pasiteji adzikulunga ngati mabelo a kaunjika,
ine chiimire ndi bulauzi yokha,
thukuta kamukamu kumsana.
Dalaivala wa basi ya mmawa anandiyang'ana kawiri
osanena kanthu. Kuno sanena.

Usiku mtima unkathamanga wokha, gugugu,
mwini wake nditagona, wondipirikitsa palibe.
Ndinkatsegula windo, chisanu chikuyera pa mabini.
Ndinkadya kawiri, katatu, ndi zotsala za mwana zomwe,
koma siketi ya yunifolomu n'kumatsetsereka
mpaka lamba ndinamubowola ndi msomali.
Ndinakalipira Chifuniro chifukwa cha supuni.
Supuni!
Anapita kusukulu osatsanzika.

Dailesi pa foni, nkhope ikudukaduka:
"Achemwali, kuonda kumeneku? Nanga masowo?"
Kenako zii.
Ndinalimva funso limene anameza,
lija tinkanong'onezana m'maliro tili atsikana.
Ndinakayezetsa. Mulibe.
Mayi anatumiza mawu kuti ansanje sagona,
ndileke kutumiza zithunzi za nyumba.

Anandizindikira ndi Mayi Holroyd a m'chipinda cha kumapeto,
amene dzina langa amaliiwala ndisanatseke chitseko.
Kapu ya tiyi inalira pa sosala, njenjenje,
tiyi n'kudontha pa bulangete lawo.
Sanakalipe. Anandigwira pamkono,
namasula kansalu ka m'khosi mwawo:
chipsera chopyapyala ngati ulusi, chakalekale.
"Mwanawe, ukawauze ayang'ane apa."

Wamva m'mimba ndiye atsekula chitseko.
Ndinaimba foni eyiti koloko, wa nambala leveni pamzere.

Dokotala anati nditambasule manja,
anaika pepala pamwamba, pepala linavina.
Anaima kumbuyo kwanga, zala pakhosi, "Mezani."
Ndinameza. Anatenga magazi.
Lachinayi anatembenuza kompyuta kuti ndione,
najambula gulugufe kuseri kwa envelopu.

Chithokomiro.
Ndinkayesa ndi chotupa chija cha azakhali a ku Ntchisi,
sindinkadziwa kuti tonse timayenda nacho,
kanyama kakang'ono, mapiko awiri atakumbatira kholingo,
kotumiza timadzi m'magazi kukauza thupi liwiro lake:
mtima gunda chonchi, matumbo gayani chonchi, khungu funda chonchi.
Kanga kakutumiza mosefukira.
Asilikali a m'thupi langa lomwe asokonera,
akukakwapula kuti kasapume,
ndipo ndakhala mbaula yokupizidwa usana ndi usiku,
makala kutha pamoto palibe mphika.

Si ufiti, si kachilombo, si mkwiyo wanga.
Ndinalira pamenepo, pampando wapulasitiki,
poti chinthu chikapeza dzina chimachepa msinkhu.

Mapiritsi awiri: lina lobweza moto,
lina lonyengerera mtima kuti uyende m'malo mothamanga.
Mwina chaka ndi theka, anatero. Mwina kadzayambiranso,
tidzakambirana njira zina ikadzafika nthawiyo.
Koma pakhosi pakapweteka, thupi likatentha, mkamwa mukatuluka zilonda,
musadikire mawa, siyani kumwa, bwerani tione magazi.
Analemba zimenezo kawiri, n'kudula mzere kunsi.

Envelopu ija ndinaimata pa filiji.
Chifuniro anapaka mapikowo utoto wachikasu
nandifunsa ngati amauluka ndikagona.
Ndinati ayi, tikumuphunzitsa kutera.
Za supuni zija ndinapepesa.

Magazi, masabata asanu ndi limodzi, magazi.
Manambala akutsika ngati munthu wotsika makwerero mumdima.
Maso akadali otong'oka pang'ono, amachedwa, akuti.
Lamba wabwerera bowo limodzi.

Dzulo, Epulo ali pakati,
ndinaima pasiteji pomwe paja, mphepo n'kundilowa m'mafupa.
Ndinanjenjemera, kunjenjemera kwa anthu onse,
ndinaseka ndekha mpaka mnyamata wina anasuntha.

Tiyi wa Mayi Holroyd ndinafika naye osataya dontho.
Anandiyang'ana nthawi yaitali.
"Ndiwe watsopano?"
Ndinati eya.