Potulukira

Bokosi lalikulu ndalitcha Kuthirira.
M'kati mwake muli timabokosi titatu:
kukoka madzi, kudikira, kutsuka sefa.
Pampu ya ku Nchalo imakhala m'kamodzi kokha
pa nthawi imodzi.

Bambo Tsingano aloza ndi cholembera:
"Shire akasefukira, muvi wakowu ukutulukira
m'mphepete mwa bokosi lalikulu. Chabwino.
Nanga injini ikulira m'katimo,
waizimitsa ndani?"

Lamulo lake n'limodzi: yambira m'katikati.
Tseka mpopi, zimitsa injini,
chitseko chachikulu pamapeto.
Chilankhulo ichi sichidziwa mawu oti mwina.

Ine ndinaphunzira mochedwa.
Usiku uja ku Makhanga
tinatuluka m'mudzi wonse kamodzin'kamodzi,
mbuzi ili chimangire m'khola,
wailesi ikuyankhulabe yokha pa tebulo,
bwato likutikoka.

Ndiye ndajambula kabwalo pakona,
chizindikiro cha kukumbukira:
madzi akaphwa, pampu ibwerere pomwe inalekera.
Bambo Tsingano akuti ayi, iyambirenso poyamba,
matope sakhulupirika.

Sindinafufutebe.
Kunja magalimoto a nzimbe akudutsa,
thukuta ladonthera pa muvi uja,
inki yasefukira kunja kwa bokosi.