Matope a ku Chibavi

Ndinatsika basi nkhungu ili mbuu,
anyamata a sakaramento akuliza mabelu.
Ndinawakana. Bambo anga ankayenda pansi kuno
Mzuzu usanakhale mzinda,
akutola njere za tangi m'minda ya azungu.

Pansanja ya wotchi ndinaima kaye.
Mivi inati teni koloko,
foni yanga inatsutsa.
Ndinakhulupirira wamkulu.

Ku Katoto kamvula kanandipeza,
kaulemu, kongonyowetsa mapewa.
NyaChavula wa nthochi pakhonde la sitolo
anandisendezera benchi:
"Monire, dada. Mukupenja njani?"
Ndinati ndikufuna mitengo.
Anaseka mpaka kutsokomola.
"Amayi ankati pomwe mwakhalapo unalipo umodzi.
Lero ndi simenti."

Ndinatsetserekera ku Chibavi,
matope ofiira akukakamira nsapato ngati ngongole.
Kuseri kwa chigayo kunali mtengo wokalamba.
Dzina lake sindikulidziwa,
ndipo sindinafunse.
Ndinangougwira.

Madzulo, khofi wowawa ku Luwinga,
zidendene zikuyaka moto.

Nsapatozo sindinazitsuke.
Zili kuseri kwa chitseko ku Balaka,
ndipo mwana wanga Chikumbutso amafunsabe
kuti bwanji ndikusunga dothi la eni.