Tikapu Tisanu ndi Tiwiri

Chifunga chinali chisanachoke pa malata a ku Luwinga
pamene ndinakankha chitseko cha shedi.
Makina osemera zitsulo anali phee pakona pawo,
obiriwira apo ndi apo pomwe penti idakana kusupuka,
achikulire kuposa ine, kuposa bambo anga.

A Zgambo ankati makinawa ali ndi milomo isanu ndi iwiri,
ndipo uliwonse uzimwa m'mawa, lamba asanazungulire.
Dzulo ndinaiwerenga.
Kakapu koyamba kadataya chivindikiro kalekale,
tidangotsekapo ndi chitsononkho.
Kachiwiri sipuling'i idafooka,
kamangoyasama ngati mwanapiye,
kumeza nyenyeswa za chitsulo tsiku lonse.
Kachitatu kadang'aluka m'khosi,
oyilo amangoyenderera kunja
osafika komwe kukutentha.
Tinayi totsalato ndinangotiyang'ana, ndinachita manyazi.

Tatsopano tinabwera pa basi yochokera ku Songwe,
NyaLuhanga atatikulunga m'zitenje zake za malonda,
tonyezimira ngati ndolo.
Takale ndinatizula ndi pulayala, kamodzikamodzi.
Mabowo ndinatsuka ndi palafini ndi nthenga ya nkhuku,
munatuluka phala lakuda bii la zaka makumi anayi:
mashafiti a zigayo za ku Ekwendeni,
maekiselo a njinga za kabaza,
mabawuti a lole ya matabwa ija idafera ku Chikangawa.

Kenaka kakapu koyamba kanakana kulowa.
Bowo likuyankhula mainchi,
iko kakuyankha mamilimita.
Ndinapotokola kawiri, ndinamva mkuwa ukudandaula,
ndinasiya mazinga asanathe.

A Zgambo anali pampando wawo pakhomo,
bulangete m'miyendo,
dzanja lamanja lili gone pabondo
monga lakhalira chichokereni kuchipatala.
Mawu masiku ano amatulukira mbali imodzi ya pakamwa,
ndiye amawasunga.
Analoza ndi chibwano mpopi wakale wamkuwa
m'ndowa ya zotaya,
kenaka analoza makina.

Ndinamva.
Ndinadontheza oyilo m'mabowo ndi jekeseni yakale,
ndinacheka mpopi, ndinaulumitsa m'nsagwada,
ndinakweza chogwirira.
Lamba anatsokomola, anagwira.
Mkuwa unayamba kugwa ngati gaga wagolide pansapato zanga,
makina aludzu akudzisemera okha makosi,
kunja mainchi, mkati mamilimita,
nkhoswe pakati pa mabanja awiri osamvana.

Ndili pa khosi lachinayi magetsi anathima.
Tinamwa tiyi ndi mbatata yozizira,
mvula yamawawa ikuwaza pa mulu wa zitsulo panja.
Mnyamata wa pachigayo anabwera kudzafunsa shafiti yake,
ndinamuuza mawa,
anati dzulo munatinso mawa.
Anayaka nthawi ya thiri, babu likuphethira.

Lachisanu ndinalilakwitsa, linakhwepa.
Ndinalitaya osayang'ana kukhomo.
Ndinamva kutsokomola kumene ndimakudziwa,
ndinatenga chidutswa china.

Mdima ukugwa tikapu tonse tinali chilili,
kalikonse pa khosi lake.
Ndinadzaza tisanu ndi kamodzi.
Komaliza, ka pamutu pomwe pamatentha kwambiri,
ndinakasiya.
Ndinawadzutsa A Zgambo, mkono wawo paphewa panga,
mapazi asanu ndi anayi kuchoka pakhomo.
Ndi chala chachikulu cha kumanzere
anatukula chivindikiro,
ine nditagwira botolo, iwo akupendeka dzanja langa.
Oyilo anadzaza, anaima pang'ono ngati akuganiza,
kenaka anatsika.
Chivindikiro chinatseka chokha, kha.

Anaika chikhatho pamutu pa makina akuzungulira,
monga mayi amayesera chipumi cha mwana usiku.
Anakhala choncho nthawi yaitali.
Wamwa, anatero.

Takale tija ndinafuna kutiponya m'ndowa.
Anatambasula dzanja.
Tinalowa m'thumba la jekete, chitsononkho ndi zonse,
ndipo popita kukakwera njinga
ndinkatimva tikugundana, ngwee ngwee,
mpaka pa msewu waukulu.