Wochapa wa ku Olancho

Ine ndinkachapa zovala, basi.
Lembani choncho, mayi mtolankhani: Eufemia Banegas,
wochapa, wa kuseri kwa phiri ku Olancho,
amene sanapondepo m'kati mwa ndege.

Woyatsa bwalo anali mwamuna wanga, Casimiro.
Zitini za mkaka makumi anayi,
nsanza ndi dizilo,
mizere iwiri pa msipu wa ng'ombe za bwana.
Ndege ikatera ankazimitsa ndi thumba lonyowa
n'kubwera kudzagona akununkha ngati galaja.
Ankalandira Lachisanu. Sankafunsa.
Amene anafunsa, Eleuterio, tinakamuvuula mumtsinje
nsapato zili kuphazi.

Azungu aja ankasintha mayina ngati malaya.
Wamtali uja mu Januwale anali Dale,
pofika nyengo yothyola khofi anali Russ,
koma kolala inali yomweyo,
thukuta lomwelo, lonunkha fodya ndi mantha.
Dzina limanama, m'khwapa simunama.
Akuti anali akazitape a boma la kumpoto,
a nthambi ija yopanda chikwangwani pakhomo.
Akuti.
Ine chiphaso sindinachione, ndinaona za m'matumba:
chingamu, machesi a hotela ya ku Miami,
kapepala ka manambala kamene kanasungunuka m'thovu,
ndi fumbi loyera lobisala m'misoko.
Tsiku lina ndinalawa ndi nsonga ya lilime,
ndimayesa soda.
Lilime linafa mpaka dzuwa kulowa.

Mabokosi otsika anali olemera, amuna anayi bokosi limodzi,
ankalowera kumalire, kwa anyamata a m'tchire.
Zokwera zinali matumba, ofewa ngati mapilo.
Casimiro ankangoti, ndege sibwerera ndi njala,
n'kutembenukira kukhoma.

Mwati kwawoko kunachitika kafukufuku.
Mwati mabuku ake ndi ochindikala ngati njerwa,
mizere ina yopakidwa inki yakuda,
ndipo kumapeto akuti umboni wokwanira palibe.
Mwina sakunama.
Umboniwo ndinauchapa ine,
Lolemba lililonse, ndi sopo, pamwala,
ndinauyanika pa waya, ndinausita ndi makala,
n'kuubweza wopindapinda bwino,
malempira awiri pa malaya.

Mwana wanga Nahún anapita kumpoto wapansi,
zaka khumi ndi zisanu ndi ziwiri, nsapato za bambo ake.
Anamugwira pa mphambano ku Los Angeles
ndi kathumba kosadzaza n'chikhatho chomwe.
Kumeneko woweruza sanafune mabuku onga njerwa.
Wapolisi mmodzi, mphindi makumi awiri,
zaka khumi ndi zisanu.
Makalata ake amafika atatsegulidwa kale.
Amafunsa ngati mtengo wa mapeyala ukubalabe.
Amafunsanso za bambo ake,
ine ndimayankha za mapeyala.

Usiku ndimawerengera ngati wogulitsa pamsika.
Fumbi linakwera ndege lopanda pasipoti,
wina analitsegulira thambo,
wina anauza mlonda wa pachipata kuti ayang'ane kumbali,
ndipo mwana wanga anayenda miyezi iwiri
kukakumana nalo pa msewu wa eni.
Kaya ndi lomwelo, kaya ndi lina, ndani angalizindikire?
Fumbi lilibe nkhope.
Wosaina sindimudziwa.
Mwina pano akuthirira maluwa pakhonde pake,
mdzukulu ali pamwendo,
malaya ake akuchapa ndi makina
amene alibe lilime.

Bwalo lija labwerera kwa ng'ombe.
Mukapita mukaona udzu wobiriwira kwambiri m'mizere iwiri,
sindidziwa chifukwa chake, dizilo si manyowa.
Zitini zina ndinatola, ndinabzalamo tsabola,
ndi izo pazenerapo, zisanu ndi chimodzi.
Mukafuna jambulani.
Koma musalembe kuti ndi umboni,
angadzabwere kudzanditengera tsabola wanga.

Zimitsani kamakina kanuko, mabatire angathe pachabe.
Mvula iyo yatsika phiri.
Gwirani mbali iyi ya nsalu, tianule.