Nkulukulu ya ku Mulunguzi

Ine ndi Che Mdoka timacheka matabwa kumtunda kwa damu,
iwo pamwamba pa chipika, ine pansi m'dzenje,
utuchi ukundigwera m'maso ngati gaga.

Sowo ikakhala chete nthawi ya tiyi
ndi pamene imayamba:
kho, kho, kho, khooo,
mawu a nkhalamba yosuta chingambwe,
osayenerana ndi thupi limenelo.

Kuti uione, uyambe waleka kuifunafuna.
Yavala mtundu wa masamba omwe yakhalamo,
tsumba lalitali losongoka, kunsonga ngati yaviika mu ufa,
diso lozingidwa ndi kufiira,
pansi pake kamzere ka choko
ngati aphunzitsi anapukutirapo chala.

Kuuluka siikonda.
Imathamanga pa nthambi ngati gologolo,
kudumpha, kuima, kupendeketsa mutu,
kumeza nkhuyu yathunthu,
ina kukaika m'kamwa mwa inzake,
zomwe ine sindinachitirepo amake Ndaziona chikwatirane.

Koma ikati iwoloke mtsinje,
psuu!
moto umene imabisa m'khwapa
umayaka pakati pa mitengo iwiri
n'kuzima usanaitane mnzako.

M'paini simuipeza.
Mizere yathu ya paini ilibe chipatso, ilibe mlendo.
Iyo imatsata khwawa
kumene mikuyu ndi mbawa zidatsalira,
kumene nkhungu imachedwa kuyalula mphasa
Zomba yense pansipo atayamba kale kutuluka thukuta.

Che Mdoka amati mvula imasukulutsa kufiira kwake.
Kaya.
Nthenga yomwe ndidatola ili m'kabuku ka ngongole,
yanyowa kawiri m'thumba,
manambala adafufutika, iyo ikadali magazi.

Lolemba abwana analoza mbawa yopendekera pamadzi:
matabwa makumi atatu amenewo, anyamata.
Ndinakweza maso.
Pamphanda, tizitsotso towerengeka,
chisa chaulesi choti mazira awiri ankaonekera pansi.

Ndinagogoda tsinde ndi mpini wa nkhwangwa
n'kunena kuti, bwana, wafumbwa m'kati uwu.
Che Mdoka anandiyang'ana nthawi yaitali,
kenaka anagogodanso okha:
eya, mphako yokhayokha.

Fizi ya Ndaziona sinakwanebe.
Madzulo tikutsika ndi matabwa a paini pamutu
inalira kumbuyo kwathu, kho, kho, kho.
Sikuti imathokoza.
Imaitana inzake kuti nkhuyu zapsa kutsidya.