Mapazi Atatu

Chipale chitangosungunuka m'mapiri a Akita
ndinakwera ndi chitini cha utoto wofiira.
Ntchito yanga ndi yolemba imfa pa makungwa:
mzere umodzi, mtengo ugwa chaka chino;
ndikaupitirira, udikire mdzukulu wa wina.

Nkhalango iyi ndi ya boma, akutero mapu.
Koma mapu sanasenzepo mbande pamsana.
Anasenza ndi bambo anga, a Sueji,
ali mnyamata wa nsapato zong'ambika,
phiri lili mbee ngati mutu wa mpala.
Ankati mikungudza iyi idzamanga nyumba zathu.
Itakhwima, zombo zinakocheza padoko
ndi matabwa a kutsidya kwa nyanja,
ndipo mtengo unagwa mitengo ili chiimire.
Macheka a kwa Inomata anachita dzimbiri.
Bambo anapita akuwerengabe mitengo yopanda wogula.

Lachiwiri lina kunabwera woyendera,
mayi Hatakeyama, wa kumzinda,
jombo zatsopano zikulira m'matope.
Ndinati mumtima, awa aona mapepala okha
n'kutsika dzuwa lisanafike paliwombo.
Ayi ndithu.
Anagwada pa chitsa nawerenga zaka ndi chala.
Anafunsa komwe timataya mafuta a makina.
Anafunsa chifukwa chake chisoti cha Kenzo n'chosweka.
Anafunsa za kadzidzi wa mu mtengo wouma uja
ngati akufunsa za mbale wawo wodwala.

Kenako tinatsikira kumtsinje.
Anatambasula chingwe choyezera
kuchokera pamadzi kukafika pa mkungudza wowongoka
umene ndinaulemba dzulo lake.
Panaperewera mapazi atatu.

Ndinkadziwa.
Ndinayezanso ndekha kawiri, kopanda mboni.
Koma mtengo umenewo ndi mfumu ya chigwa chonse,
wopanda mfundo, wopanda chilema,
ndipo kumudzi akumanga sukulu ndi matabwa athuathu.
Ndinkafuna ukakhale mtanda wa denga,
kuti thukuta la bambo likagwire ntchito kamodzi kokha.

Sanakalipe.
Analoza mizu pomwe yakumbatira gombe
nati, mvula ya mu Julayi siwerenga chiphaso.
Ndinatulutsa mpeni
n'kuyamba kupala utoto wanga womwe,
khungwa likundinunkhiza ubwana wanga,
manyazi atandikhala pakhosi ngati fupa la nsomba.

Chiphaso chinafika masamba akufiira,
pepala lopepuka kuposa tsamba,
analipachika mu ofesi pafupi ndi kalendala.
Kale zidindo zotere ndinkazinena kuti
n'chikomekome cha mkuyu.
Pano ndimangoti chete,
poti ndinaona munthu akuswa nkhuyu
kufunafuna nyerere,
ndipo nyerere anaipezayo ndinali ine.

Macheka a kwa Inomata ayambanso kulira,
masiku atatu pa sabata, si zambiri.
Akuyendetsa ndi mdzukulu wamkazi
amene anasiya ntchito ya m'banki ku Sendai.
Chipika chilichonse chili ndi nambala,
ukhoza kuchilondola mpaka pa chitsa chake
ngati mwana wodziwika kwawo.
Mmisiri Tomekichi zonsezo alibe nazo ntchito.
Amanyamula thabwa, kulinunkhiza, kuligogoda,
n'kunena kuti, ili ndi la kumpoto kwa phiri,
linakula movutika, silidzapindika.

Mtanda wa denga unachokera pa mtengo wina,
wochepa pang'ono, wa mfundo ziwiri.
Sukuluyo ili ndi ana khumi ndi anayi.
Sindikudziwa ngati mwa iwo muli
wodzakwera phiri lino ndi chitini.

Chaka chino ndadutsanso kumtsinje kuja.
Madzi ali mbee, timiyala tikuoneka pansi.
Mkungudza uli pomwepo,
chipsera cha mpeni wanga chayamba kutsekeka,
m'ming'alu mwatsala kadontho kofiira.
Ndinaika chitini pansi
n'kuyenda kuchokera pamadzi, phazi ndi phazi,
ngati kuti mtsinje ungakhale utasuntha.